Mandasi Amene Anatsala Pampanda

Chitini chija chidakalipo. N'chofiira, cha mabisiketi a Khirisimasi, ndipo chivindikiro chake sichitseka usanachimenye ndi chikhatho. Masiku ano amayi amasungiramo ulusi ndi mabatani, koma ine ndikachitsegula ndimamvabe fungo la mafuta ndi shuga, ndipo ndimachiona chili chokhachokha pampanda wa njerwa ku Oadby, mvula ikuwaza.

Ndinali ndi zaka khumi nyengo imeneyo. Tinkakhala ku Braunstone, mumzinda wa Leicester, kutali ndi Malawi, ine ndi amayi, m'nyumba ya lendi imene makoma ake ankatuluka thukuta nthawi yozizira. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, kutsika basi iyi n'kukwera ina tsiku lonse. Sukulu ikatsekera analibe pondisiya, ndiye masiku ena ankanditenga n'kukandikhazika pakona ndi buku. Umu ndi mmene ndinadziwira bambo wina wachiyuda wa ku Oadby, amene amayi ankangowatchula kuti Achikulire. Anali aatali, owerama, a makutu aakulu omera tsitsi, ndipo pa unyamata wawo ankakonza makina olukira masokosi. Akazi awo anali atamwalira. Mwana wawo mmodzi yekhayo ankakhala ku Canada, ndipo anali atakonza kale zoti chilimwe chikafika bambo ake asamukire kunyumba ya okalamba.

Holide ya Isitala itayamba, Achikulire anauza amayi kuti Pasika wawo wayandikira, ndipo m'nyumba musatsale ngakhale kanyenyeswa ka buledi. Ndinkayesa kuti amayi ndi amene anamaliza ukhondo padziko pano, koma sabata imeneyo anapeza anzawo. Tinakhuthula matumba a majekete, tinatembenuza makhushoni, tinakutumula mabuku. Mbale za masiku onse zinatsekeredwa m'kabati, ndipo m'katoni munatuluka zina za maluwa abuluu zimene zinkaona kunja kamodzi pachaka. Pomaliza Achikulire anandipatsa nthenga ndi chipande kuti ndisesere tinyenyeswa totsala m'makona, iwo akundiunikira ndi kandulo. Amayi zinawasangalatsa kwambiri. Anati, "Ndi mmene timachitira kwathu. Umayamba wasesa nkhokwe, chimanga chatsopano chisanalowe." Palibe amene anawawongolera, chifukwa analankhula m'Chichewa, ndipo ine Chichewa ndinkangochimva, kuyankha ndinkayankha m'Chingerezi.

Tili mkati mopukuta mbale zija, Achikulire anandifotokozera za chakudya cha madzulo oyamba. Anati nkhani ya mmene makolo awo anatulukira mu ukapolo ku Iguputo siingoyamba yokha. Lamulo lake n'lakuti mwana wamng'ono pathebulo afunse kaye, ndiye wamkulu ayankhe. Ndinawafunsa kuti nanga mwana akasowa. Anati, "Amafunsa mkazi. Mkazi akasowa, munthu amadzifunsa yekha n'kudziyankha yekha. Chaka chatha ndinadzifunsa ndekha, ndipo ndinapeza kuti ndine mwana wovuta." Anaseka, inenso ndinaseka. Amayi sanaseke. Anangoima ndi mbale m'manja, madzi akudontha m'zigongono.

Tili m'basi pobwerera anandiuza kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye chaka chino, chomaliza m'nyumba mwawo, Achikulire sadzifunsa okha. Ndikafunsa ndine.

Ndinaloweza mafunso aja m'Chingerezi ngati mayeso. Bwanji usiku uno tikudya buledi wosatupa yekha, bwanji masamba owawa, bwanji tikuviika chakudya, bwanji tikudya chotsamira. Ndinkawanena posamba, pokwera masitepe, ngakhale pafoni kwa amalume a ku Highfields, amene anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Kanthu kokanika kuyankha moni wa Chichewa aka, lero kasanduka kam'busa ka Ayuda?" Ndinanyada nako kunyozedwa kumeneko.

Tsiku la Pasika litafika, amayi anaweruka shifiti ya m'mawa maso ali psuu, koma sanagone. Anakanda ufa, anathiramo yisiti, anafunditsa beseni ndi chitenje n'kuliika pafupi ndi hita. Mlendo sapita chimanjamanja, ndipo tsiku limenelo sankapita ngati wantchito, ankapita ngati woitanidwa. Mandasi amenewo sanali wamba. Agogo anga anakulitsa amayi ndi mandasi omwewo, akugulitsa pasiteshoni ku Balaka. Agogowo anali atamwalira chaka cham'mbuyo, ndipo amayi maliro awo anaonera pafoni, atakhala pansi m'khitchini, chifukwa mapepala a amayi okhalira m'dziko muno anali asanatuluke moti akanapita sakanabwerera. Kuyambira pamenepo anali asanakazingeponso mandasi. Tsiku limenelo anakazinga, akuimba chapansipansi, ndipo nyumba yonse inanunkhira. Anawandandalika m'chitini chofiira chija n'kuchinyamula pamiyendo m'basi ngati khanda.

Achikulire anatitsegulira atavala suti yakuda ndi kachipewa kawo ka pakati pamutu. Amayi anapinda maondo pang'ono n'kupereka chitinicho ndi manja awiri, atachivundukula kuti aone. Achikulire anasuzumira, ananunkhiza, kenako anabweza manja awo kumbuyo ngati mwana woletsedwa kugwira moto. Anati, "Pepani, sindingalandire. Muli chotupitsa. Ndikangolandira akhala anga, ndipo sabata ino sindiloledwa kukhala nacho ngakhale pang'ono." Anafotokoza kuti makolo awo anathawa mtanda usanatupe, ndiye sikuti ankachotsa zakale kuti zatsopano zilowe. Ankachotsa chotupitsa chenichenicho.

Analankhula mwaulemu, ndipo sanalakwe. Koma kwathu wokana chakudya chako wakana iwe. Ndinaona nkhope ya amayi ikugwa. Anatseka chitini, anachimenya ndi chikhatho kamodzi, n'kundiuza m'Chichewa kuti, "Lowa iwe, ukafunse zija. Kumene sikulowa mandasi a mayi anga, ine sindilowako. Ndikudikira panja pano." Achikulire sanamve mawuwo, koma anamva tanthauzo lake. Anaitana, anapepesa, anatambasula dzanja, koma amayi anali atatembenuka kale, n'kukakhala pampanda wa kutsogolo, chitini pambali pawo.

Ndinkafuna kulira. Ndinkawachitira manyazi amayi, ndiponso ndinkawamvera chisoni, ndipo sindinkadziwa kuti zonse ziwiri zimatha kukhala mumtima umodzi. Achikulire anatembenukira kwa ine. Kenako anandiuza kuti ndikafuna kupita kwa amayi ndipite, iwo anazolowera kudzifunsa okha. Ndinayang'ana pathebulo. Panali mbale zitatu za maluwa abuluu, mitsamiro pamipando, makandulo akuyaka. Ndinakhala pansi.

Ndinafunsa mafunso anga nditaimirira. Achikulire anatseka maso, ndipo nditamaliza anayamba kuyankha, pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakhala akusunga yankho chaka chathunthu. Anati tinali akapolo. Sanati makolo athu anali akapolo, anati tinali, ngati njerwazo anaumba iwo ndi manja awo okhwinyata aja. Anandiuza kuti lamulo limafuna choncho, kuti aliyense azidziona ngati watuluka yekha. Ndinaviika tsamba m'madzi amchere amene anati ndi misozi. Ndinaluma buledi wouma wophwatalala amene analira m'kamwa n'kusiya tinyenyeswa pajuzi. Ndinalawa muzu wina woyera umene unandikwera m'mphuno mpaka misozi yeniyeni inatuluka, kenako phala la maapulo ndi mtedza looneka ngati matope omangira, lotsekemera. Potchula miliri ya ku Iguputo tinkadontheza chakumwa m'mbale ndi chala, chifukwa ati chisangalalo chako chiyenera kuchepako pamene ena, ngakhale adani ako, anavutika. Nthawi yonseyi zenera linali lotsegula pang'ono. Analitsegula ndi Achikulire, ati kukutentha, pamene kunja mvula inali itayamba kuwaza.

Titadya, anadzaza chikho chachikulu chasiliva n'kuchiika pakati pathebulo. Anati n'cha mneneri Eliya, amene amamuyembekeza chaka chilichonse, ndipo ntchito yomutsegulira chitseko ndi ya mwana. Ndinayenda m'kanjira ka m'nyumba ndikuganiza za munthu wandevu zoyera. Nditatsegula ndinapeza amayi, duku litanyowa, dzanja lili m'mwamba kuti agogode. Sindikudziwa kuti anali ataima pamenepo nthawi yaitali bwanji. Anangoti, "Wafunsa bwino. Ndamva zonse."

Achikulire, amene podzuka pampando ankafuna wowagwira mkono, anaimirira okha. Anakoka mpando umene akazi awo ankakhalapo, ndipo anati, "Takudikirirani." Amayi anapukuta mapazi n'kulowa chimanjamanja, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita kwa munthu aliyense. Anapatsidwa buledi wouma uja, anautafuna, ndipo anandiyang'ana ndi diso limene ndinalimva bwino lomwe: buledi wotere munthu angakanire mandasi? Koma anadya wonse.

Pomaliza penipeni Achikulire anakweza chikho chawo n'kunena kuti chaka chamawa tidzachitira mwambowu ku Yerusalemu. Apa ndinafunsa funso limene sindinaloweze. Ndinawafunsa ngati anagula kale matikiti. Anaseka mpaka kupukuta m'maso. Anati sanapiteko chibadwire, bambo awonso ankanena mawu omwewo chaka ndi chaka ndipo anaikidwa konkuno ku Leicester. Ndinaona ngati n'zachibwana, munthu wamkulu kumalonjeza ulendo umene sapita. Ndinatembenukira kwa amayi kuti tiseke limodzi, koma iwo anali akuyang'ana kandulo. Ananena motsitsa mawu, m'Chichewa, kuti, "Chaka chamawa ku Balaka." Achikulire sanafunse kuti Balaka n'kuti. Anangogwedeza mutu n'kugunditsa chikho chawo pa cha amayi.

Achikulire anasamukadi chilimwe chimenecho, ndipo sindinawaonenso. Ndimawasowa, komanso ndimasowa thebulo lija limene funso la mwana linali lofunika kuposa chakudya.

Potuluka tinachipeza chitini chili pompo, madontho a mvula ali pachivindikiro. M'basi amayi anachitsegula, anandipatsa ndasi limodzi, n'kutenga lina. Linali litazizira, koma analidya pang'onopang'ono, akuyang'ana pazenera pamene panalibe choona koma nkhope yawo yomwe. Ine mutu wanga unali pa ulendo. Sukulu itatsegulira ndinauza kalasi yonse, ndi aphunzitsi omwe, kuti chaka chamawa ndikupita ku Malawi, ndipo ndinayamba kusankha zovala zokavala kumeneko. Ndinkadziwa kuti amayi sanama. Chimene sindinkadziwa n'chakuti ku Balaka kumene ankanenako kunali mayi awo atakhala pasiteshoni ndi beseni la mandasi, ndipo kumeneko kulibe ndege yopitako.