Foni ya Amayi Osoka Zovala

Chaka changa chachiwiri ku Durban ndinkakonza mafoni m'kashopu ka munthu wina ku Umbilo. Chichewa ndinkachisiya m'chipinda chomwe ndinkagona. Pantchito ndinali munthu wa "yebo" ndi "shapu" basi, mawu akuno otanthauza "inde" ndi "zili bwino". Ambirife timatero kuno, chifukwa ukangotsegula pakamwa molakwika, anthu amayamba kukuyang'ana kuchokera kumapazi. Nthawi zina sabata yathunthu inkatha osalankhula chinenero changa ndi munthu aliyense, ndipo ndinkasungulumwa koopsa.

Tsiku lina masana kunabwera amayi ena achikulire atafunda mpango, tiulusi titakakamira pamalaya awo ngati mmene amakhalira atelala. Anandipatsa moni m'Chizulu chothyokathyoka. Ndinadziwiratu kuti awa ndi akwathu, mwina a ku Mangochi. Koma m'shopumo munali anthu, ndiye ndinawayankha m'Chizulu momwemo.

Foni yawo inali itadutsa kale m'manja mwa wina wodziyesa katswiri. Iyeyo anaikamo rikavale yachilendo, pulogalamu ija timakonzera foni ikakana kuyaka. Foniyo inkangothera mmenemo, malemba ofiira ali ndandanda: chigawo chosunga zithunzi ndi mauthenga chinkakana kutseguka. Ndinayesa kuchikonza osafufuta kanthu. Ndinayesanso kachiwiri, koma ayi ndithu. Njira yokhayo yomwe ndinkaidziwa inali kufomata, ndiye kuti kusesa zonse.

Apa m'pamene pankafunika kufotokoza bwinobwino. M'Chichewa zikanangotenga mphindi imodzi: amayi, muli chinthu chomwe simukufuna kutaya? Ngati chilimo, tiisiye kaye, ndifunse kwa odziwa kuposa ine. Koma Chizulu changa chinali chogulira buledi ndi kukwerera takisi. Ndinangoloza foniyo n'kunena kuti, "Ngiyasula, mama. Shapu?" Ndinkatanthauza kuti ndikufufuta zonse. Iwo anandiyang'ana, kenako anayang'ana anthu aja, n'kuyankha kuti, "Yebo." Ndinadina.

Foni inayaka ngati yatsopano, ine n'kumadzitama mumtima. Amayiwo anailandira n'kuyamba kufufuza ndi chala, uku ndi uku. Kenako anakhala pansi pa benchi.

"Mayo ine," anatero mokweza, m'Chichewa, osalabadiranso za anthu. "Mawu a malemu bambo akunyumba apita kuti? Ankanditumizira tsiku lililonse ali m'chipatala kumudzi. Ine kumaliro sindinapiteko. Ndinatsala ndi mawu okhawo."

Mwini shopu anasiya zomwe ankachita n'kutitembenukira. Amayi aja anadzutsa mutu, maso awo ali pa ine.

"Mwananga, kodi si iwe wakwathu? Tandiuza kuti abwereranso."

Ndinkadziwa kuti sabwereranso. Ndinkadziwanso mawu onse opepesera munthu wamkulu wonga iwo, anali pakamwa pomwepa. Koma ndinachita mantha, ndipo manyazi anaposa manthawo. Ndinapukusa mutu.

"Angizwa, mama," ndinatero, kutanthauza kuti sindikumva.

Anandiyang'anitsitsa kanthawi. Kenako anakulunga foni ija m'kansalu, n'kutuluka.