Tsiku Limene Ndinaukitsa Limbani pa Kanema

Nkhani iyi yakambidwa molakwika kwa zaka zambiri, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiikonze. Ena a ku Area 23 amanena kuti bambo anga anaphwanya makina athu a masewero a pa kanema ndi nkhwangwa. Sanaphwanye. Ena amati Limbani anatsegula maso kuchipatala pa ola lenileni limene ine ndinamuukitsa pa kanema. Limenelonso ndi bodza, ngakhale ndi lokoma kulimva. Ine ndinalipo, ndipo choyendetsera masewerowo chinali m'manja mwanga.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, dziko lino lisanakhale ndi wailesi yakeyake ya kanema, moti kanema wa m'nyumba mwathu anali woonerapo matepi basi. Bambo anga, a Gondwe, ankagwira ntchito m'nyumba zosungiramo fodya ku Kanengo, ndipo anali mkulu wa mpingo. Amalume, amene ankayendetsa galimoto zikuluzikulu kupita ku Joni, ndiwo anatibweretsera makina otuwa a masewero pamodzi ndi katiriji imodzi yopanda chikuto, kabokosi kamene munali masewerowo.

Masewerowo anali a ulendo wautali. Ankhondo anayi, wa lupanga, wa uta, wochiritsa ndi wamatsenga, ankadutsa m'nkhalango ndi m'mapanga akumenyana ndi zilombo, aliyense kudikira nthawi yake yomenya. Wina akaphedwa, anzake ankapitiriza naye chomwecho kufikira atapeza kachisi, kumene wansembe ankamuukitsa akalandira golide. Katirijiyo inkakumbukira pamene munthu walekezera. Koma ulendo usanayambe, inkafunsa maina a ankhondowo.

Limbani, mwana wa zaka zisanu ndi zinayi wa nyumba yoyandikana ndi yathu, ndiye anachonderera. "Aise Wongani, undiikemo. Ndikhale woponya moto uja." Ndinalemba dzina lake pa wamatsenga. Tsoka lake, wamatsengayo anali wofooka kuposa onse. Ankagwa pafupifupi tsiku lililonse, ndipo ana odzaza pawindo lathu ankakuwa mokondwa kuti, "Limbani wafanso! Limbani wafanso!" Mwini dzina ankaseka kuposa tonse. Panalibe mmodzi mwa ife amene anaganizapo kuti mayi ake ankachapa kuseri kwa mpanda wa bango, akumva mawu onse.

Dzinja litayamba, Limbani anadwala malungo. Lachitatu ankangodandaula mutu. Lachisanu anauma khosi, anakomoka, ndipo anapita naye kuchipatala chachikulu. Ana analeka kubwera pawindo. Loweruka m'mawa amayi anga anabwerera kuchokera kumpopi ndi ndowa yopanda madzi, ndipo sananene chifukwa. Ine ndinali ndi chinsinsi changa: m'katirijimo Limbani anali atagona wakufa masiku asanu ndi limodzi, chifukwa golide womuukitsira ndinali nditagulira lupanga latsopano.

Masana a tsiku lomwelo mayi a Limbani anafika kuchokera kuchipatala, atavala chitenje chomwe anachoka nacho dzulo lake. Mpando anaukana.

"A Gondwe, sindinabwere kudzakangana. Mwana wanga mumutulutse m'bokosi lanulo."

"Mayi, zimenezi ndi zidole za ana," anatero bambo. "Malungo amabwera ndi udzudzu."

"Udzudzu ndimaudziwa. Koma miyezi itatu ndakhala ndikumva mwana wanga akufa m'nyumba muno, ndi makutu angawa. Inu ndinu mkulu wa mpingo. Mukanamva dzina la Wongani likukuwidwa chotero kwathu, mukanagona tulo?"

Bambo anatembenukira kwa ine. "Iwe, dzinalo lingachotsedwe?"

Ndinafotokoza kuti njira inali imodzi yokha: kufufuta ulendo wonse ndi kuyambiranso.

"Yatsa."

Kanema atawala, maina anayi anaonekera. Atatu anali oyera. La Limbani linali lofiira, ndipo pambali pake panali ziro. Mayiwo sankawerenga Chingerezi, koma dzina la mwana wawo ankalidziwa, ndipo ziro ankamudziwanso.

"Bwanji lake lokha lafiira?"

Sindinathe kunama. "Ndi wakufa, Amayi."

"Ndiye ukufuna umufufute ali chomwecho? Ayi. Uyambe wamudzutsa."

Kachisi anali kutali, kuseri kwa nkhalango ndi mlatho, ndipo ine ndinali nditalekezera pakhomo la phanga, mankhwala ochiritsira atatsala botolo limodzi. Ndinayamba kuyenda. Bambo anaima kumbuyo kwanga, amayi anatsamira chitseko, mayi a Limbani anakhala pansi pafupi kwambiri ndi kanema. Kunja kunada ndi mitambo, ndipo ndinadziwa kuti mphezi imodzi yokha ikanatha kuzimitsa magetsi dzinalo lidakali lofiira. Kanyimbo ka m'nkhalangomo, kamene ndinkakaimba mluzu popita kusukulu, tsiku limenelo kankamveka ngati kakundiwerengera mapazi.

Ndikayenda pang'ono, kanema ankathwanima ndipo zilombo zinkatulukira. Wa uta anagwa. Mayi a Limbani anapumira m'mwamba, nafunsa kuti, "Ameneyo ndi mwana wa ndani?" Ndinawauza kuti dzina limenelo linali langa. Sanafunsenso. Wochiritsa mphamvu zinamuthera, ndipo pa mlatho nayenso anagwa. Ndinayamba kuthawa nkhondo iliyonse, chinthu chimene kale ndinkachiyesa chamanyazi. Wa lupanga analowa yekha m'mudzi mmene munali kachisiyo, atatsala pang'ono kufa, ndipo golide anapezeka wosakwana. Ndinagulitsa lupanga lija. Wansembe anakweza manja, belu linalira, dzina la Limbani linayera.

"Wadzuka?"

"Wadzuka, Amayi."

"Tsopano umutulutse."

Makinawo anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza, ndipo kawiri ndinavomera. Mayiwo anadzuka, anasansa chitenje, napita kokwerera minibasi osatsanzika. Mvula itayamba kugunda malata, bambo anandiuza kuti, "Sindikhulupirira kuti bokosi ili lingadwalitse munthu, ndipo iwenso usakhulupirire. Koma dzina la mwana wa munthu lili ndi eni ake, ndipo mwiniyo si mwanayo yekha."

Limbani anatsitsimuka Lachiwiri, patatha masiku atatu, atalandira mankhwala a madokotala. Anabwerera kunyumba khutu lakumanzere lisakumva. Patapita miyezi iwiri banja lawo linasamukira ku Chinsapo, ndipo sindinamuonenso.

Mwezi watha mwana wanga anandiikira masewero omwewo pa kompyuta, ndipo ndinawayambiranso. Nkhalango ija ndi yaing'ono. Mlatho uja ndinauwoloka m'mphindi ziwiri. Pa maina pokha ndi pamene ndinachedwa, ndipo pomaliza ndinasiya amene opanga masewerowo anaikamo. Kwa zaka zambiri ndinkadziuza kuti mayi a Limbani anali osaphunzira. Tsopano, pokhala ndadikirapo pa benchi ya chipatala mwana wanga ali mkati, ndikumvetsa kuti anali munthu amene analibe china chilichonse chimene akanachitira mwana wawo, ndipo bambo anga anawalola kuchita chimodzicho. Ndivomerenso kuti mpaka lero sinditseka kompyuta wina mwa ankhondowo ali wofiira.

Mtengo wa nkhaniyi, monga ndauwerengera, ndi uwu:

Ulendo wa miyezi itatu, wofufutidwa.

Lupanga limodzi, logulitsidwa pa theka la mtengo wake.

Mpopi wapafupi. Amayi ankakatunga madzi kutali kufikira nyengo ya Pasaka, pothawa manong'onong'o oti tinalodza Limbani.

Masabata asanu ndi limodzi amene bambo sanapemphedwe kutsogolera pemphero kutchalitchi.

Khutu limodzi la Limbani. Limeneli linapita ndi malungo, osati ndi ine, koma ndalilemba pano chifukwa ndalephera kulisiya.