Mphatso ya Amalume M'pepala Lofiira

Dzulo pa Machipisa ndinanyamula selotepi pa tebulo la mayi wina wogulitsa mapepala okulungira mphatso, ndipo kafungo kake kanandibwezera ku Mabvuku, chaka chomwe ndinali giledi faifi.

M'mawa wa Khirisimasi ndinabisa nsapato zakutchalitchi za amalume, amene anathawa nkhondo ku Tete ali mwana. Ndinaziika m'katoni ya sopo, n'kukulunga ndi pepala lofiira lonyezimira lomwe mayi anga ankalisita chaka ndi chaka. Riboni ndinadula pa diresi lakale la mkulu wanga. Mpaka lero ndimati ntchito ija inali yaluso.

Amalume anazifuna mpaka kunsi kwa bedi, chifukwa tsikulo ankatsogolera kwaya. Ndinawapatsa phukusilo ndikudziluma mlomo kuti ndisaseke.

"Tsegulanitu, amalume."

"Ayi, mwanawe. Chibadwire sindinalandirepo chinthu chokulunga. Chiyambe chakhala kaye chonchi."

Anapita kutchalitchi atavala suti ndi mapatapata, phukusi lili m'khwapa. Anyamata akumbuyo ankalozerana zala zakumapazi za amalume, iwo akungoimba. Ine kuseka kunakana kubwera.

Titabwerako amalume anakhala pakhonde, natenga lezala, n'kuyamba kumatula selotepi pang'onopang'ono kuti pepala lisang'ambike. Fungo la polishi linatuluka. Anaziyang'ana nthawi yaitali nsapato zawo zomwe, zodyeka chidendene mbali imodzi. Apa n'kuti mayi atathyola kale kankwapulo pa mtengo wa mapichesi.

"Musiyeni, achemwali," anatero amalume. Anasalaza pepala lija pabondo, kenako anandiyang'ana. "Nanga pepalali, ndisunge, kapena mulifunanso?"