Zitsekerero za Mabotolo pa Khonde la ku Chelstone

Nditalembetsa maphunziro a digiri yachiwiri, a njira zofufuzira moyo ndi chikhalidwe cha anthu, ndinkaganiza kuti tizingowerenga mabuku akuluakulu. Ndinadzinamiza. Tinkaphunzira madzulo m'tauni, tikaweruka kuntchito, ndipo m'kalasimo munali anamwino, abusa awiri, aphunzitsi ngati ine, ndi bambo wina wa ku Woodlands wogwira ntchito kubanki, amene chilichonse chopanda nambala ankachiyesa miseche.

Tsiku lina mphunzitsi wathu, mayi wamfupi woseka ndi thupi lonse, anakhuthulira patebulo thumba la zitsekerero za mabotolo. Anati munthu ukamufunsa kuti m'nyumba mwake muli anthu angati, amangokupatsa nambala kuti uchoke. Koma ukamupatsa zitsekerero kuti ayale banja lake, umaona amene wamuyika pafupi ndi amene wamukankhira kutali. Anatigawa awiriawiri kuti tikayesere kwathu. Mnzako ndiye afunse abale ako, iwe uzingomvetsera. Tsoka ilo, ine anandipatsa bambo wa kubanki uja.

Kwathu ku Chelstone ndinaleredwa ndi akazi a amalume anga. Ndinafika ndili wamng'ono kuchokera ku Kitwe amayi atamwalira, ndipo patapita zaka amalumenso anatisiya. Achibale ankayembekeza kuti anti andibweza, popeza magazi awo mwa ine mulibe. Sanandibweze, koma sananenepo chifukwa chake, ine osafunsanso. Pokonza mafunso ndi mnzangayo ndinalowetsamo langa mwakachetechete: asiyanitse ana obereka okha ndi ana ongosunga. Ndinkafuna kudziwa pamene ndili, komanso ndinkaopa kwambiri.

Tinapita Lamulungu masana anti atabwerako kutchalitchi. Tinawapeza pakhonde akusadzula nkhwani, duku la kutchalitchi likadali kumutu. Ataona zitsekererozo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye sukulu yamene mulipilila iyi? Kudoba vinyalala?"

Komabe anapukuta manja m'chitenje nayamba kuyala pa thireyi. Anayamba ndi malemu amuna awo, ati munthu sachoka pa nyumba imene anamanga. Mnzanga anafuna kutsutsa, ine ndinamuponda phazi. Anayika munthu wochita lendi kuseri kwa nyumba pakona, nadandaula za wailesi yake. Kenaka anayamba ana, motsatana ndi kubadwa kwawo.

"Uyu ni mukulu, wa ku Kabwata. Uyu ni wamakani uyu," anatero akundiloza ndi milomo. "Uyu nesi. Aka ni kothela."

Ndinali wachiwiri pamzere, pakati penipeni pa ana awo. Ndinayang'ana kumpanda ngati kuti kuli chinachake chofunika. Kwa ine zinali zitakwana, ndipo ndinkapemphera kuti mnzangayo aiwale funso lija. Koma munthu wa kubanki sadumpha mzere.

"Manje ba mayo," anatero mwaulemu, "patulani bamene munabala mweka na bamene musunga chabe."

Anti anasiya kuseka. Anayang'ana thireyi, kenaka bamboyo, kenaka ine. Ankandidziwa ngati chikhatho chawo.

"Funso iyi siyanu, ba tate. Ni ya uyu." Anatembenukira kwa ine. "Iwe, zaka zonse izi unali kuyembekeza munthu wa ku banki kuti akufunsile? Kamwa ulibe?"

Ine amene ana asukulu amanditcha wailesi ndinangoyang'ana pathireyi.

"Unabwela na ka pulasitiki ka vovala, unalila mwezi wonse, nenze kugona na iwe pa bedi yanga. Kubala kwina kumachita bwanji? Nipatule ndani apa?" Anakankhira thireyi kwa mnzanga. "Lembani ati bakana."

Mnzangayo analembadi. Ine misozi inali itafika kale pachibwano, uku ndikuseka ngati chitsiru. Ndinasangalala kwambiri tsiku limenelo, ndipo manyazi ndinalibe.

Anti anatola nkhwani zawo nandiponyera m'manja.

"Nyamuka, mulendo ali na njala. Olo ukhale na madigili yangati, pano ndiwe mwana."

Ndinalowa kukhitchini ndi nkhwanizo, ndikumva anti pakhonde akufunsa bambo wa kubanki ngati anakwatira.