Zidendene za a Evaristo

Mu parishi ya San Bartolo munalibe munthu wotchula mawu oti mtendere kangapo pa tsiku kuposa a Evaristo Chajón. Anali wapampando wa bungwe la abambo osenza chiboliboli cha Yesu pa Lachisanu Loyera, ndipo msonkhano uliwonse ankautseka ndi mwambi umodzimodzi, woti mutu umodzi susenza denga. Amayi ankaombera m'manja. Ife odziwa nkhani ya mtengo wa mapeyala tinkangoyang'ana pansi.

Mtengowo unamera pamalire a munda umene bambo awo anawasiyira iwo ndi mng'ono wawo, a Fidencio. Mizu inali kuno, nthambi uko. Chifukwa cha mapeyala amenewa abale awiri a mimba imodzi, okhala nyumba zoyang'anana, anatha zaka khumi ndi chimodzi osapatsana moni.

Vuto linali lakuti Mulungu anawalenga ofanana msinkhu ndendende. Chithatha chimene chiboliboli chimakhalapo ndi cholemera ngati lole, ndipo kuti chisapendekeke, osenza onse amayezedwa mapewa ndi ndodo Lenti isanayambe. Aatali amaima kutsogolo, aafupi kumbuyo, ofanana moyandikana. Kuyambira unyamata wawo abale awiriwa ankasenza wina kumbuyo kwa mnzake. Mkangano utabuka, munthu wa mtendere uja anapita kwa wosoka nsapato wa kutauni ina, kumene sankadziwika, nakaikitsa zidendene zokhuthala zala zitatu. Mkanjo wautali umene osenza amavala unkazibisa. Chaka chimenecho, ali ndi zaka makumi asanu, a Evaristo anakula, ndipo anasamukira kwa aatali.

Ulemu wawo wonse unali pa phewa lakumanja. Ulendo ukatha ankakhala pakhonde malaya ali chovula theka, akazi awo a Remigia akuwapaka mafuta pa chilonda, kuti aliyense wodutsa aone mmene amuvutikira Ambuye. Ankabuula mokweza makamaka a Fidencio akatulukira pakhomo pawo.

Chaka chino zigawenga zinapha madalaivala awiri a basi m'mwezi umodzi. Lamulungu la Kanjedza, Bambo Mfumu Anselmo anaima pa guwa maso ali ofiira, nati: "Tapempha mtendere ndi pakamwa mpaka tatopa. Lachisanu onse osenza ayende opanda nsapato, tipemphe ndi mapazi."

Woyamba kuimirira ndi kuomba m'manja anali a Evaristo. Za zidendene anakumbukira ali m'njira kubwerera kunyumba.

"Bambo, kauzeni woyeza uja akubwezereni pamalo panu pakale," anatero a Remigia. "Alamu anga sakulumani."

"Ndikaime pafupi ndi wakuba mapeyala? Ndife kaye."

"Ndiye musenza ndi chiyani, chipewa?"

A Evaristo ankaganiza kuti zala zitatu si kanthu, munthu akhoza kudzikoka.

Lachisanu dzuwa linawamba. Misewu inali itayalidwa utuchi wamitundumitundu ndi maluwa, ndipo pakhomo pa a Evaristo panali nkhunda yoyera yojambulidwa ndi utuchiwo, yaikulu kuposa ya wina aliyense. Belu litalira abambo anawerama, nadzuka nacho chithatha. Chinadzuka, koma phewa la wapampando chinalisiya pansi. Pakati pa thabwa ndi mkanjo pankaoneka kuwala.

Anayamba kuyendera zala zakumapazi. Pa miyala yotentha ija, bambo wa imvi, nkhope ataikwinya ngati wolemedwa kwambiri, ankanyang'ama ngati mphaka pa malata. Gawo lawo la katundu linagwera amene anali kutsogolo ndi kumbuyo kwawo, ndipo ankawamva akutukwana chapansipansi pakati pa nyimbo. Kamtsikana kena kali paphewa pa bambo ake kanafunsa mokweza chifukwa chake agogo awo akuvina. Anthu anayesa kubisa chiseko m'mipango.

Pa ngodya ya msika, pomwe amapumulira pang'ono, kumbuyo kunamveka mawu amene a Evaristo sanawamve akuwaitana kwa zaka khumi ndi chimodzi.

"Achimwene, bwerani kuno. Tasendera, malo alipo."

Onse anamva, ngakhale Bambo Mfumu anacheuka. Anali mapazi asanu ndi limodzi okha kubwerera m'mbuyo. A Evaristo anakweza maso kwa Yesu wa mtanda uja, nayamba Atate Athu mokweza kuti asamve kachiwiri. Anamaliza ulendo wonse choncho, atasenza mphepo, ndipo ine manyazi anandigwira m'malo mwawo popeza eni ake analibe.

Madzulo, mwa chizolowezi, anakhala pakhonde navula malaya theka. Phewa linali losalala ngati la khanda. Zala zakumapazi ndizo zinali zitatupa, chikhadabo chimodzi chitazuka. Tsidya la msewu a Fidencio anali atakhala pa mpando wawo, malaya atamatirira pa chilonda.

A Remigia anatuluka ndi botolo la mafuta. Anayang'ana phewa la amuna awo, anayang'ananso mapazi, kenaka anatsika masitepe.

"Nanga mukupita nawo kuti mafutawo?"

"Kwa amene wasenza," anatero, nadutsa pa utuchi wopondedwa uja, pomwe panali nkhunda m'mawa.