Khutu la Kumanzere

Akulu anga anakwatiwa ku Kasenengwa makutu onse awiri akumva. Anawalangiza ndi azakhali athu, ndipo mwambo wawo waukulu unali umodzi: za m'nyumba sazitulutsa pabwalo. Akulu anga anaugwira mwambowo kuposa katekisimu. Alamu akawamenya, ankangotsitsa duku mpaka m'zikope n'kupita kutchalitchi. Kuchipatala ankanena kuti agwa panjinga. Ine, wokhala m'tauni ku Chipata, ndinkawaseka kuti njinga yankhanza choncho angoigulitsa.

Tsiku lina masana, m'munda wa thonje, alamu anawakanyanga pakhosi. Akulu anga anapapasa pansi, dzanja n'kupeza khasu. Alamu sanadzukenso.

Kukhoti mlandu unagona pa funso limodzi: kodi mayiyu ankamenyedwadi? Kupolisi kunalibe dandaulo, kuchipatala kunali nkhani za njinga zokhazokha. Ndiye loya wowaimira anaitana azakhali kuti achitire umboni. Anabwera atavala chitenje chatsopano, okonzeka kuombola mwana wawo m'njira yomwe ankaidziwa.

"Ameneyu ndinamulanga ndekha, bwana," anatero monyadira. "Ngwaulemu. Chikwatiwire sanadandaulepo za mwamuna wake, ngakhale kwa ine."

Azakhali anakhala pansi akumwetulira, poganiza kuti aigwira ntchito. Ndinaona loya akutsinzina. Akulu anga anangoti zyoli. Ngakhale pamenepo, kuyalutsa malemu pagulu kunawakanika. Anawagamula zaka zambiri, zoti ana awo adzakula mayi ali m'ndende.

Mtima umandiwawa, ndipo ukali sunandithere mpaka lero. Khoti limafuna kuona zipsera, pamene ife akazi amatiphunzitsa kuzifunditsa nsalu.

Mwezi watha ndinapita ndi azakhali kundende, titanyamula botolo la chiponde. Akalamba tsopano, mawu achepa mphamvu. Anasendera pawaya wotchinga pakati pa ife ndi akaidi n'kuyamba kuwanong'oneza akulu anga kuti asataye mtima, mwina apilo itheka likapezeka gulu lothandiza amayi.

Akulu anga anatembenuza mutu. "Lankhulirani mbali iyi, azakhali," anatero mofatsa. "Khutu lakumanzereli analigonthetsa bambo a ana, chaka chomwe munandiperekeza kubanja chija."

Aka kanali koyamba kuti anene ndi pakamwa pawo. Azakhali anagwira waya. Omwe tinamva tinali ine, azakhali, ndi msilikali wa ndende yemwe ankatakasa chiponde ndi supuni kuona ngati tabisamo kanthu.