Kamera Yopanda Filimu pa Ukwati wa ku Hewe

Anandilanda ntchito anthu amene anasiya kupanga filimu ya kamera imene bambo anandisiyira. Amangolonjeza kuti ayambiranso, ine n'kumadikira ngati chitsiru.

Pa ukwati wa mlongo wanga ku Hewe ndinachita manyazi kuulula kuti ndilibe filimu. Ndinakoloweka kamera yopanda kanthu m'khosi, n'kukalipira anthu kuti abise timafoni tawoto. Apongozi aamuna a mlongo wangayo, munthu wodwaladwala, anavala jekete lobwereka n'kuima padzuwa. Ndinadina kawiri, iwo nati, "Yewo chomene, mwana wanga."

Amwalira dzulo. Mwana wawo wandiimbira: "Alamu, chithunzi cha adada chija tikufuna tichiike pabokosi."

Ndamukalipira kuti asandithamangitse, chikutsukidwa ku Mzuzu. Maliro ndi mawa, ndipo ine sindipitako.